Kugwira mkono wa wodwala kusamadikire tsiku la opaleshoni

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga pa tsamba lanu la makalata ndifotokoze zimene tinakumana nazo pabanja pathu chaka chathachi pamene opaleshoni ya bambo anga inaimitsidwa chifukwa cha kagundidwe ka mtima, mwina wina amene m'bale wake walembedwa tsiku la opaleshoni atolapo kanthu, komanso akuluakulu a zaumoyo ngati amawerengako nyuzi ya Chichewa amve nawo. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza, mbali ya ku Bembeke, nde zimene ndilembe panozi ndi zimene ndinaona ndi maso angawa komanso zimene ndinachita kufunsa mpaka anamwino ena kuyamba kundizemba akandiona pakhonde.

Bambo anga ali ndi zaka 68, mlimi wa mbatatesi ndi nyemba, ndipo anakhala ndi heniya zaka zingapo, chotupa cha m'mphechepeche chija chimatuluka munthu akanyamula thumba kapena akatsokomola nkubwerera chokha akagona chagada. Akuluakulu mukuwadziwa, nkhani ya malo amenewo sauza mwana wamkazi, ine ndinachita kumvera kwa mayi titaona kuti madala ayamba kuyenda chotang'adza pochokera kudimba. Titawakakamiza anapita kuchipatala china, dzina ndisunga, anawaona nkuwauza kuti ndi opaleshoni yaing'ono, si yadzidzidzi, asankhe okha nthawi yowakomera. Iwo anasankha Meyi, ati ndikolole kaye, pofika nthawi yopanga mizere ndikhale nditapola.

Tinafika Lolemba, anawagoneka, ine gadiyani ndi kamkeka kanga pansi, kuzizira kwa kuno simufuna kuuzidwa. Usiku anamwino anati ikakwana 12 koloko asadyenso kanthu. Lachiwiri mmawa anawaveka chimalaya chotsegula kumbuyo chija nkuwakankha pa kabedi ka matayala kulowa nawo ku fiyeta, ine nkukhala pa benchi panja ndikupemphera chamumtima. Sipanathe olo mphindi 20 ndinangoona chitseko chatseguka akutuluka nawo, ali maso tong'o, osakhudzidwa ndi mpeni. Kumbuyo kwawo kunali mnyamata wovala zobiriwira, amene ntchito yake ndi yogoneka anthu pa opaleshoni, anangoti, "Achemwali, lero sitipanga, mtima wa bambowa sukugunda bwino," basi nkulowanso mkati poti kunali ena akudikira.

Abale inu ndinapsa mtima. Munthu wagona ndi njala, tagulitsa matumba awiri a mbatatesi kuti tipeze thiransipoti ndi zofunika za mu wodi, ine ndapempha tchuthi kwa ahedi, nde wina angobwera ndi mawu ochepa okha? Bambo anachita kuyenda okha kuchoka pa siteji, dzulo lake anali akuwaza nkhuni, mtima wake uti? Amalume atamva pa foni anaseka nkumati iwe sukumva chinenero, anthuwo akufuna ya fanta. Mlongo wanga amene ali ku Johannesburg naye ndi ma voice note ake pa WhatsApp, ati apatseni kangachepe nditumiza. Sindibisa, ndinamanga kandalama pa nsonga ya chitenje kudikira kuti mnyamata uja adutse.

Anabwera yekha mu wodi cha mma 3 koloko atamaliza ntchito, akuoneka kuti ngotopa, ndipo ndisanamasule chitenje chija anandiuza kuti ndiike zala ziwiri pa mkono wanga, mmunsi mwa chikhatho mbali ya chala chachikulu. Ndinamva du, du, du, mwandondomeko. Kenako anati gwirani wa bambo. Zimene ndinamva pamenepo sindidzaiwala, zinali ngati chigayo cha dizilo mafuta akamatha, kuthamanga, kudukiza, kugunda kawiri motsatizana, kukhala chete, kenako kuyambiranso liwiro, osatha kulosera kuti kugunda kotsatira kubwera liti. Anati mmawa muja makina a ku fiyeta amawerenga kupitirira 130 pa mphindi munthu atangogona, pomwe mtima wa munthu wamkulu akapumula umayenera kukhala pakati pa 60 ndi 100.

Nde anatembenukira kwa bambo, "Agogo, mankhwala anu a BP mwamwa liti komaliza?" Madala anayang'ana kudenga. Kufunsidwa kachiwiri mpamene anaulula kuti anasiya masiku asanu apitawo, atenolol ndi HCT yemwe, chifukwa mnzawo wa pa bawo anawauza kuti mankhwala a kuchipatala amalimbana ndi mankhwala ogonetsa, munthu sudzuka. Ine mwana wawo wophunzira ndinali ndisakudziwa. Manyazi anandigwira, kandalama kaja kanayamba kulemera pa chitenje.

Mmene anandifotokozera, ndipo pambuyo pake madokotala ena ananenanso chimodzimodzi, mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba ziwiri pansi, ndipo uli ndi magetsi akeake. Mu chipinda chapamwamba chakumanja muli kamalo kakang'ono kamene kamalamula kuti gunda tsopano, gunda tsopano, tsiku lonse kokwana pafupifupi 100,000. Kwa bambo kamaloka kanalandidwa ulamuliro, zipinda zapamwamba zija mmalo mofinya magazi zimangonjenjemera, nde zapansi zimangolandira malamulo osokonekera nkumagunda mwachisawawa. Dzina lake ati atrial fibrillation, iwo amangoti AF, ndipo imakonda anthu achikulire makamaka amene akhala ndi BP nthawi yaitali. Kusiya atenolol mwadzidzidzi ndi kumene kunamasula mabuleki, chifukwa mankhwala amenewa ntchito yake ina ndi kuchepetsa liwiro la mtima, ukangowasiya mtima umathamanga kuposa kale.

Ndinafunsa kuti nanga zikukhudzana bwanji ndi heniya, mtima uli kumtunda chotupa chili kumunsi. Anati opaleshoni imeneyi amabaya jakisoni wa pamsana kuti munthu achite dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, ndipo jakisoni ameneyu amamasula mitsempha, BP imatsika. Mtima wabwinobwino umadziwa kubweza, koma mtima umene ukuthamanga kale pa 130 sukhala ndi nthawi yodzaza magazi usanafinye, uli ngati munthu wopopa mjigo mothamanga mpaka madzi kumangotuluka pang'onopang'ono, nde BP ikagwa pamenepo kuidzutsa ndi ntchito, munthu atha kutsalira pa tebulo chifukwa cha chotupa chimene wakhala nacho zaka zinayi osamupha. Kugoneka munthu tulo teniteni nakonso sikothawirako, mankhwala ena ngati ketamine amawonjezera liwiro la mtima, ndipo mpweya wogonetsa wakale uja wa halothane umachititsa mtima kusokonekera msanga.

Ine ndi kamwa langali ndinafunsanso, bwanji osangowamwetsa atenolol wambiri mmawa omwewo nkudikira ola limodzi? Anaseka pang'ono nkuti zimenezo anthu anayesapo kale. Kafukufuku wamkulu wotchedwa POISE amene anatuluka mu 2008 anapeza kuti odwala amene anawayambitsa mankhwala a mtundu umenewu, metoprolol, tsiku la opaleshoni lomwelo, inde vuto la kutsekeka kwa mitsempha ya mtima linachepa, koma sitiroko ndi imfa zinachuluka. Nde lamulo lake ndi lakuti amene amamwa kale asasiye, amwe ndithu mpaka mmawa wa opaleshoni ndi kamadzi pang'ono, koma kuyambitsa kapena kukweza kumafuna masiku, osati chipwirikiti cha pa khomo la fiyeta.

Apa mpamene pali dandaulo langa akonzi, ndipo silikupita kwa mnyamata uja ayi, iye anachita ntchito yake ndipo ndikanakhala ndi nkhuku pafupi ndikanamupatsa poyera osati mobisa. Dandaulo langa ndi lakuti bambo analembedwa tsiku la opaleshoni miyezi iwiri m'mbuyo, ndipo kwa zaka akhala akupita ku kiliniki ya BP ndi shuga mwezi ndi mwezi, buku lawo la kuchipatala ladzaza ndi manambala, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anawagwirapo mkono kwa mphindi imodzi yathunthu. Amangowamanga kamakina ka mabatire koyezera BP kaja, kakalemba nambala basi wotsatira. Bambo akuti nthawi zina kamakinako kamakana kuwerenga mpaka kubwereza katatu, anthu nkumati mabatire afooka, chonsecho timakina timeneti timavutika kuwerenga mtima ukamadumphadumpha. Ndikumvetsa, mzere umakhala wautali, namwino mmodzi anthu mpaka panja, nanenso ndili ndi ana oposa 90 mu kalasi nde kuchuluka kwa ntchito ndikukudziwa. Koma zala ziwiri sizifuna magetsi, sizifuna bajeti ya ku Capital Hill, ndipo zikanagwira ntchito tsiku lolemba dzina lija bwenzi zoyeza zonse zitachitika mu miyezi iwiri ija, bedi lija atagonapo wina, nthawi ya ku fiyeta osatayika.

Chachiwiri, palibe amene anawauza bambo za mankhwala. Anangouzidwa kuti mubwere pa deti yakuti, mudzasale kudya. Pamene chipatala chakhala chete mpamene a pa bawo amalankhula.

Tinakhalamo masiku ena atatu. Anawayambitsanso atenolol, anatenga magazi kuona ngati ali okwanira mthupi poti kuchepa kwa magazi nako kumathamangitsa mtima, anayeza malungo, ndipo amafuna kuonanso mchere wina wa m'magazi wotchedwa potassium chifukwa HCT ndi furosemide, mankhwala okodzetsa aja, amautaya mu mkodzo ndipo ukachepa mtima umasokonekera. ECG, yoyeza kagundidwe ka mtima, tinadikira masiku awiri ati pepala la makina latha. Itapezeka ndinadabwa kuti ndi kanthu ka mphindi zisanu, timawaya 10 pachifuwa, mmanja ndi mmiyendo, osapweteka, nkutuluka kapepala ka mizere ngati mapiri. Si zamakono ayi, amene anayambitsa makinawa, Willem Einthoven wa ku Netherlands, analandira mphoto ya Nobel mu 1924, agogo anga asanabadwe, nde mu zaka zino kumadikira pepala masiku awiri ndi zomvetsa chisoni.

Kenako anatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 85 kuchoka pa boma, kukajambula mtima ndi echo, makina ofanana ndi a sikani ya amayi oyembekezera aja. Amafuna kuona zitseko za mkati mwa mtima, chifukwa kuno kwathu anthu ambiri, ngakhale achinyamata, AF imabwera kaamba ka zitseko zimene zinaonongeka ali ana, zilonda zapakhosi zija timangoti zipola zokha, zikapanda kuchizidwa ndi penicillin nthawi zina zimakathera ku mtima patapita zaka. Pa benchi ndinakhala ndi mtsikana wa zaka za mma 20 wa ku Ntcheu cha ku Tsangano amene amabayitsa jakisoni wa benzathine mwezi uliwonse chifukwa cha zomwezi. Za bambo zitseko zinali bwino, kungoti mnofu wa mtima unakhuthala chifukwa cha BP ya zaka zambiri. Anayezanso chithokomiro, paja chikamagwira ntchito mopyola muyezo munthu amaonda, amatuluka thukuta, manja kunjenjemera, mtima kuthamanga, ndipo wotere samupanga opaleshoni yokonzekera mpaka atachiziziritsa kaye ndi mankhwala. Anawafunsanso za mowa, madala nkuti pang'ono, mayi nkutsokomola.

Dokotala wa kumeneko ndi amene anatitsegula maso pa chinthu chimene chinali choopsa kuposa heniya. Zipinda zapamwamba zija zikamangonjenjemera magazi amadikha pa kangodya kena nkuundana, tsiku lina kachidutswa nkuthothoka kukatseka mtsempha mu ubongo, ndiye sitiroko imeneyo, ndipo munthu wa AF chiopsezo chake ndi chochuluka pafupifupi kasanu kuyerekeza ndi wopanda. Ndinakumbukira azakhali anga amene anagwa akuphika, mbali imodzi kufa, kamwa kupotoka, mudzi wonse nkumaloza zala mayi wina woyandikana nawo. Kaya nawo mtima unkadumpha, palibe anawagwirapo mkono.

Nde anawalembera warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana msanga. Bambo atamva kwa mdzukulu wawo amene amakonda kufufuza pa foni kuti warfarin anayamba ngati mankhwala a makoswe mu 1948 asanaloledwe kwa anthu mu 1954, anati basi ana anga mwanditopa. Koma amamwa. Vuto la warfarin ndi lakuti ali ndi malamulo ngati apongozi. Pamafunika kuyezetsa magazi pafupipafupi, muyezo wake umatchedwa INR, kwa munthu wa AF uzikhala pakati pa 2 ndi 3, ukatsika satetezedwa, ukakwera atha kutaya magazi mkamwa, m'mphuno, mu mkodzo olo mkati mwa mutu. Brufen, indosidi ndi aspirin wa pa golosale uja ayi. Bactrim ndi Flagyl amamukweza mphamvu, mankhwala a TB amamufooketsa, nde kulikonse kumene apite azinena kuti ndili pa warfarin. Zitsamba za asing'anga ndi za mmabotolo zogulitsa mu msika zija anati asayerekeze. Mayi atamva kuti ndiwo zamasamba nazo zimakhudza anagwira mutu, ati nde adya chani munthuyu, kwathu ndi mpiru, repu, nkhwani ndi chisoso. Dokotala anati asasiye ayi, azidya mmene amadyera masiku onse, choipa ndi kusintha mwadzidzidzi, sabata ino masamba mbale zodzaza sabata yamawa usipa wokhawokha.

Miyezi itatu yodikirayo mantha anga anali pa chotupa chija, ndipo apa ndiyamikire kuti anatiuza momveka bwino. Chikangolimba, kupweteka kwambiri, kukana kubwerera mkati, munthu nkuyamba kusanza kapena mimba kutupa osatulutsa mpweya, musadikire deti, thamangani olo pakati pa usiku, chifukwa pamenepo matumbo akanirira ndipo opaleshoni yadzidzidzi siidikira kuti mtima ukhazikike, amapanga uku akulimbana nawo mtimawo. Kusiyana kwake nkumeneko, yokonzekera ili ndi mpata wokonza zinthu nde kuutaya mpatawo ndi kupusa. Tinawaletsa kunyamula matumba, anakwiya, nyemba anamenya ndi adzukulu.

Ndisaopseze anthu, si kugunda kulikonse kwachilendo kumene kumaimitsa opaleshoni. Mtima kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo zimachitikira pafupifupi aliyense. Mantha okha a ku fiyeta, ludzu la kusala kuja, kutentha thupi olo mankhwala a mphumu a salbutamol zimathamangitsa mtima koma mwandondomeko. Anyamata a kabaza wa njinga yakapalasa amene amakwera zitunda za kuno tsiku ndi tsiku mtima wawo utha kumagunda 50 ali bwinobwino. Koma wachikulire amene mtima ukugunda 35 kapena 40, akumva chizungulire, nthawi zina kukomoka, ameneyo magetsi aja aduka panjira ndipo ena amafunika kabatire kotchedwa pacemaker asanapangidwe china chilichonse. Kusiyanitsa zonsezi ndi ntchito ya ECG ndi madokotala, ife kwathu ndi kunena zoona tikafunsidwa, befu pokwera chitunda, kutupa mapazi, kulephera kugona opanda mapilo awiri, kukomoka, ndi mankhwala onse amene tikumwa olo ogula tokha. Bambo anga befu anali nayo chaka chonse koma ankati ndi ukalamba.

Opaleshoni inachitika mu Ogasiti, kuchipatala chomwe chija. Ulendo uno ndinachita kupempha kuti andilembere mu buku, ndipo namwino wina wachifundo analemba mu Chichewa ndi bolopeni yofiira. Warfarin asiye masiku 5 opaleshoni isanachitike, chifukwa kubaya pamsana magazi ali osaundana kutha kutayitsa magazi pafupi ndi mtsempha wa msana munthu nkupuwala miyendo. Dzulo lake ayezetse INR, ikhale pansi pa 1.5. Atenolol asadumphitse olo tsiku limodzi, amwe ndi mmawa womwe wa opaleshoni. Mapilisi ndinasunga ine mu chikwama changa, a pa bawo ndinawatumizira uthenga kuti ulendo uno udokotala wawo aupumitse.

Chimene chinandidabwitsa nchakuti mmawa umenewo nditagwira mkono wa bambo mtima unali ukudumphabe, kungoti modekha, 84 pa mphindi. Ndinathamangira mnyamata uja nkumuuza kuti sunachire, tibwereranso kodi? Anati ayi achemwali, AF ya bambowa mwina akhala nayo mpaka kale, ife sitimadikira kuti ithe, timafuna liwiro litsike, tidziwe chimene chinayambitsa, magazi akhale pa muyezo, basi. Analowa, ola lisanakwane anatuluka ali maso akufunsa ngati mvula ya chizimalupsa yagwa kumudzi. Warfarin anayambiranso tsiku lotsatira ataona kuti bala silikutuluka magazi.

Pempho langa kwa a unduna wa zaumoyo ndi oyang'anira zipatala za m'maboma ndi za mishoni ndi lakuti tsiku limene munthu akulembedwa dzina kuti adzapangidwe opaleshoni, makamaka wachikulire kapena wa BP, shuga, chithokomiro, wina amugwire mkono mphindi imodzi, ukakhala ukudumpha apite ku ECG pompo, ndipo amene adzamugoneke amuone nthawi ikadalipo osati kukumana koyamba pa tebulo. Mu buku muzilembedwa mu chilankhulo chathu kuti awa siyani tsiku lakuti, awa musasiye. Alangizi a zaumoyo amene amayenda mmidzi muno ndi sikelo ya ana atha kuphunzitsa anthu kugwira mkono, ine ndinaphunzira mu mphindi ziwiri. Ndipo mukabweza munthu pa khomo la fiyeta, chonde pezani wina woti akhale pansi ndi gadiyani nthawi yomweyo, chifukwa maola asanu amene ine ndinakhala osadziwa kanthu aja ndi amene amabala nkhani za ziphuphu zimene mumazimva mu minibasi, ndipo banja lina likanangonyamula wodwala wawo kupita kwina kukabisa zoti anabwezedwapo.

Chotsalira chimene chikutivutabe ndi INR, ulendo uliwonse ndi ndalama ya kabaza kukafika pa M1 kenako minibasi, ndipo mwezi wa Janyuwale tinadumphitsa poti ndalama inapita ku feteleza. Bambo mizere anapanga okha chaka chino. Pa bawo pano asanduka adokotala, aliyense wofika amayamba wamugwira mkono akuyang'ana wotchi ya pa foni, ndipo mnzawo uja anawalangiza zosiya mankhwala anamupeza naye mtima ukudumpha, tinamuperekeza ku kiliniki Lachinayi lapitali.

Mwana wachisamba,
Bembeke, Dedza